Layini yogulira bonasi mtauni ikuoletsa tomato kudimba

Chaka chino tomato ndi kabichi zachita bwino mmadimba ozungulira Mzuzu muno, koma chomwe chikundipweteka mtima ndikamayendera alimi ku Choma, Lusangazi mpaka mbali za Ekwendeni si matenda ayi, ndi foni. Munthu wathilira miyezi itatu mkuzizira kuja, mbewu yapsa, venda wa ku msika wa Zigwagwa akuimba kuti abwere ndi galimoto koma akungomva kuti nambala sikupezeka.

Vuto lake ndi limodzi lomweli. Mlimi wabwera mtauni kudzagula mankhwala, wapeza anyamata pa ambulera akukuwa kuti simu kadi yotchipa, bonasi yambiri, bandulo ya WhatsApp, iye basi wagula. Pa Katoto kapena ku Luwinga timizere ta netiweki tadzadza, inde, nsanja zili pompo! Koma dimba lanu lili kudambo, kumunsi kwa phiri, ndipo kuno ku Viphya nkokwera ndi kotsika kokhakokha. Netiweki siiboola phiri abale. Mudzi umodzi womwewo kumtunda ikugwira ya kampani ina, kuchigwa ina, nde zomafunsa achimwene anu a ku Chibavi kuti layini yabwino ndi iti sizingakuthandizeni. Komanso foni ikamangosakasaka netiweki batire imatha msanga, ndalama yotchajitsa ija mukuionanso?

Ena ndiye amandikwiyitsa, akuti ine nambala iyi ndinayamba nayo nthawi ya Celtel sindingasinthe. Celtel yomweyo inasanduka Zain mu 2008 kenako Airtel mu 2010, dzina lasintha kawiri inu muli pompo. Enanso akakamira 088 poti TNM ndi yakale, inayamba mu 1995, ndi yathu yomwe. Ine sindikugulitsa ya wina aliyense, zonse ndimagwiritsa ntchito, koma ukale wa nambala sugulitsa tomato.

Bambo wina mwezi wathawu anathyola madengu ake a tomato bwinobwino atapangana ndi wogula kuti akafika pa msewu waukulu aimba. Wogula anaimba kangapo, zii. Bamboyo foni yake imagwira pokhapokha akakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, tsiku limenelo kunali chifunga ndi kamvula ka kuno kaja sanakwere, galimoto inadzadza ndi katundu wa anthu ena nkubwerera. Patatha masiku atatu anakwezetsa pa kabaza theka lake litaphwanyika. Ndipo nditamufunsa za layiniyo ndinapeza kuti inalembetsedwa m'dzina la munthu amene iye samudziwa, anaigula yolembetsa kale. Kuyambira 2018 simu kadi iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha unzika cha mwini wake, tsiku lomwe foni idzatayike muli ndalama za feteleza mudzakatenganso bwanji nambalayo ku ofesi dzina lisali lanu? Ejenti wogulitsa zoterozo akukuberani masana.

Tsono chitani chonchi. Musanagule bwerekani foni za anzanu awiri, ya 099 ndi ya 088, mutsike nazo kudimba kwenikweniko osati pakhonde, muimbe, muyesenso *211# ya Airtel Money ndi *444# ya Mpamba muone ngati zikutseguka. Muonenso ejenti yemwe ali pafupi nanu amakhala ndi ndalama za mbali iti, ndi mavenda anu amalipira kudzera kuti. Ngati kafoni kanu nkolowa masimu awiri ikani onse, zatha. Mayunitsi akamatha osaimba imbani ku kampaniko achotse nyimbo ndi mauthenga omwe simunapemphe, akakuzengerezani dandaulo limapita ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni. PIN musapatse ejenti ngakhale akhale mlamu wanu.