Momwe mungayezere phewa lowawa musanapite kuchipatala

Kuno kuchigwa cha Shire phewa silipuma. Wodula nzimbe ku Nchalo amaponya chikwanje tsiku lonse, msodzi wa ku Elephant Marsh amapalasa bwato, mayi amakweza munsi n'kusenzanso ndowa. Likayamba kuwawa, ambiri timangouza dokotala kuti "mkono wonsewu ukuwawa", iye ali ndi mzere wa anthu mpaka panja. Pali njira zomwe achipatala amayezera phewa ndi manja okha, ndipo zina mungathe kuziyesa pakhomo kuti mukafotokoze zomveka. Pafunika anthu awiri, wodwala ndi womuthandiza.

Koma pali mapewa osayenera kuwayesa. Munthu akagwa panjinga phewa n'kusintha maonekedwe, musalikoke. Kolekani mkonowo pachitenje, muthamange naye kuchipatala. Chimodzimodzi phewa lotupa, lotentha, thupi lilinso moto. Ululu wina sumachokera m'phewa n'komwe: lakumanzere likamawawa pamodzi ndi kuthina pachifuwa ndi thukuta, ukhoza kukhala mtima. Likawawa pansonga munthu atamenyeka pamimba, kapamba akhoza kukhala wang'ambika, ndipo kuno malungo amatupitsa kapamba wa ambiri. Mayi amene wadumphitsa mwezi, m'mimba mukupweteka ndipo nsonga ya phewa ikubaya, asagone pakhomo. Mimba ikhoza kukhala kunja kwa chiberekero.

Ngati palibe zimenezi, yambani.

1. Wodwala avule malaya. Imani kumbuyo kwake, mufananize mapewa awiriwo. Kodi lina latsika, kapena mnofu wake waphwa n'kusiya kadzenje? Atembenuze khosi uku ndi uku, ayang'ane kumwamba. Ululu ukathamangira kuzala, kapena dzanzi likabwera, vuto lili m'khosi.

2. Akweze mkono cham'mbali pang'onopang'ono mpaka ufike kukhutu. Muyang'ane nkhope yake, chifukwa akuluakulu athu savomera msanga kuti zikuwawa. Ululu ukayamba mkono utatsala pang'ono kufanana ndi phewa, n'kutha utapitirira, pakati pa madigiri 60 ndi 120, kawirikawiri ndi mitsempha ya minofu inayi yomwe imagwira mutu wa fupa la mkono. Achipatala amaitcha rotator cuff. Ukawawa pamwamba penipeni pokha, kayikirani pomwe fupa lochoka pakhosi limakumana ndi nsonga ya phewa. Kuti mutsimikize, adutsitse mkonowo pachifuwa ngati akufuna kugwira phewa linalo, ndipo akuloza malowo ndi chala chimodzi.

3. Apa ndiye pali nkhani, ndipo mukaiwala zina zonse musaiwale izi. Pamene mkono wakanira, muuzeni kuti, "Amalume, ulekeni ulefuke, ndiunyamule ine." Kwezani mofatsa. Ukakwera m'manja mwanu kuposa pomwe iye anafika, ndiye kuti polumikizira mafupa pali bwino, koma mnofu wokwezera ndi umene wavulala kapena ukuopa ululu. Ukakana ngakhale kwa inu, n'kumamveka ngati chitseko chomwe chafika pamwala, phewa lenilenilo lauma. Onaninso motere: zigongono zigunde m'nthiti, manja aloze kutsogolo, ndiye mutsegulire manjawo kunja. Dzanja la phewa louma limaima msanga pomwe linzake lapita kutali. Matendawa, omwe amatchedwa frozen shoulder, amakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, makamaka odwala shuga, ndipo amatha kutenga chaka kapena zitatu. Mayi amayamba kuona kuti akulephera kumanga duku, bambo sakufikira thumba lakumbuyo la thalauza, usiku kugonera mbali imeneyo n'kosatheka. Mphini sizifika kumeneko, ngakhale mutatema phewa lonse.

4. Yesani mphamvu. Atambasule mikono kufanana ndi mapewa, yopendekera kutsogolo pang'ono, zala zazikulu ziloze pansi ngati akukhuthula madzi m'kapu. Inu kanikizani pansi, iye akane. Iyi achipatala amaitcha njira ya Jobe, ndipo imayeza mnofu wapamwamba pa phewa. Siyanitsani kuwawa ndi kufooka, si chinthu chimodzi. Kenako mumukwezere mkono cham'mbali, mumusiye autsitse yekha pang'onopang'ono. Ukangogwa ngati nthambi yothyoka, mtsempha uyenera kuti waduka kwambiri. Pomaliza aike kuseri kwa dzanja pamsana, cha m'chiuno, ayese kulichotsa pathupi. Kulephera kumaloza mnofu wakutsogolo.

5. Njira yomwe achipatala amaitcha ya Hawkins ndi Kennedy ndi yachangu. Mkono uloze kutsogolo kufanana ndi phewa, chigongono chipindike, ndiye mupotolere dzanja pansi mutagwira chigongonocho. Kubaya kukutanthauza kuti mitsempha ikupanikizika pansi pa fupa la denga la phewa.

Ilipo njira ina ya anyamata omwe phewa linagulukapo pampira. Dokotala amaika mkono ngati wa munthu woponya mwala n'kuupotolera kumbuyo, ndipo wodwala amachita mantha kuti liguluka. Imeneyo asiyireni achipatala, mungaligulule zenizeni.

Njira imodzi payokha simagamula mlandu. Ngakhale achipatala amaphatikiza zingapo, chifukwa phewa lotupa limawawa pafupifupi kulikonse mungalipotolere. Musadabwenso akapanda kukujambulani: X-ray imaonetsa mafupa, mtsempha woduka suoneka.

Zipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje zimaona mavuto a mafupa, ndipo zikavuta amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mukafika nenani mwachidule: "Adokotala, lakumanja, miyezi itatu, sindinagwe. Ndekha mkono umathera apa, mwana wanga akaunyamula umatherabe pomwepo, usiku sindigona." Ngati phewa lauma chonchi, pemphani akuyezeninso shuga tsiku lomwelo, ulendo wa kabaza usachite kubwerezedwa.