Mmene mungaonetsere bakiteriya akuyatsa ndi kuzimitsa majini chifukwa cha ayironi

Ophunzira ambiri amaloweza zoti puloteni ya m'bakiteriya yotchedwa Fur imatseka majini (zigawo za DNA zonyamula malangizo a selo) ayironi akakwanira, koma sanazionepo ndi maso. Mbale ziwiri zokha zomeretsera bakiteriya n'zokwanira kuwaonetsa.

Pezani bakiteriya wotchedwa Pseudomonas fluorescens. Ine mnzake uja Pseudomonas aeruginosa sindimamulola m'kalasi, ameneyo amaoletsa zilonda. Konzani King's B, chakudya chomwe ayironi wake ndi wochepa kale, muchigawe pawiri. Mbali imodzi muisiye choncho, inayo muthiremo ferric chloride, mankhwala okhala ndi ayironi, wokwana 100 micromolar. Pakani bakiteriya m'mbale zonse, muzisunge pa madigiri 28 kwa maola 24 mpaka 48. Kenako zimitsani magetsi, valani magalasi oteteza maso, muunike ndi tochi ya UV ya 365 nm.

Mbale yosowa ayironi imawala mobiriwira mopita ku chikasu. Chowalacho ndi pyoverdine, mankhwala amene bakiteriya amatulutsa kuti akagwire ayironi kunja n'kubwera naye m'selo. Mbale inayo imangoti zii, chonsecho bakiteriya amera bwinobwino.

Apa m'pofunika kudekha pofotokoza. Ayironi akachuluka m'selo, amamatirira pa Fur. Fur akanyamula ayironi amakakhala pa DNA, pamalo a zilembo 19 otchedwa Fur box, ndipo majini oyandikana nawo sawerengedwanso. Klaus Hantke ndi amene anafotokoza za Fur mu E. coli m'chaka cha 1981. Mu Pseudomonas njira yake ndi yokhota pang'ono: Fur amatsekereza jini ya pvdS, ndipo puloteni ya PvdS ndi imene imayatsa majini opanga pyoverdine. Ayironi akachepa, Fur amatsala chimanjamanja, amachoka pa DNA, PvdS amapangidwa, mbale n'kuwala. Wina akafunsa chifukwa chake bakiteriya samangotenga ayironi nthawi zonse, muuzeni kuti ayironi wotsalira m'selo akakumana ndi hydrogen peroxide amatulutsa tinthu tophwanya DNA.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi ziwiya. Ngati mbale zonse ziwiri zakana kuwala, musafulumire kunena bakiteriya. Kawirikawiri ayironi walowera m'botolo kapena m'madzi. Mukudziwa mmene madzi a pamijigo ina amafiiritsira ndowa, nanji kachakudya kochepa chonchi. Mabotolo agalasi muwaviike mu hydrochloric acid usiku wonse, muwatsukuluze kangapo ndi madzi otchezedwa (distilled), ndipo kasupuni kadzimbiri kasayandikire.

Ngati muli ndi E. coli yekha, kuwala simukuona, chifukwa enterobactin, mankhwala ake ogwirira ayironi, sawala choncho. Pamenepo mufunika mbale ya CAS, utoto wosintha mtundu ukalandidwa ayironi, njira ya Schwyn ndi Neilands ya 1987. Chakudyacho chimakhala chabuluu, ndipo pamene bakiteriya alanda ayironi pamazungulira bwalo la mtundu wa lalanje. Kukonza kwake n'kotopetsa, komanso mankhwala otchedwa HDTMA amene amathiramo amapha bakiteriya ambiri a gulu lotchedwa Gram-positive, ndiye a mtundu umenewo musawayesere pambale imeneyi.