Kusefa zotsatira za finite element: malangizo kwa mainjiniya a ku Mulanje ndi Thyolo

Namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu mu Malichi 2023, ntchito yomanganso inagwera mainjiniya, ndipo ena mwa iwo ndi achinyamata ongochoka kumene ku MUBAS kapena ku MUST ya ku Ndata. Kulimba kwa mlatho, denga la fakitale ya tiyi kapena nsanja ya thanki masiku ano kumawerengedwa pa kompyuta m'njira ya finite element, yogawa chinthucho m'tizidutswa tating'ono (ma element), pa mapulogalamu ngati ANSYS, Abaqus, SAP2000 kapena CalculiX yaulere ija. Kudina Solve, batani loyambitsa kuwerengetsa, n'kosavuta. Mutu umazungulira zotsatira zikatuluka: manambala miyandamiyanda ndi chithunzi chamawangamawanga, bwana akufuna yankho madzulo omwewo.

Kusefa kumayamba musanadine Solve. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa kamlatho kachitsulo ka anthu oyenda pansi, kodutsa pa mtsinje ngati Likhubula. Lembani papepala zomwe mukufuna kudziwa: katsika motani pakati anthu akadzaza, chitsulo chomwe chapanikizika kwambiri ndi chiti, ndipo maziko a kutsidya ndi a tsidya lino asenza zingati. Mukatero uzani pulogalamu isunge zokhazo. Mu Abaqus ndi U (kusuntha), S (stress, kupanikizika) ndi RF (reaction, zomwe maziko asenza) basi. Wothyola tiyi ku Thyolo amatenga masamba awiri ndi kansonga, sakolola chitsamba chonse. Inunso mukasunga chilichonse fayilo imatupa, laputopu n'kumakwawa mpaka magetsi kuthima ntchito ili pakati. Ziwalo zipatseni mayina m'magulu mukadali pa model, mitanda payokha, mizati payokha, mbale zolumikizira pazokha, kuti pambuyo pake muzitha kuitana gulu limodzi n'kubisa enawo.

Zikatuluka, musathamangire mitundu. Phatikizani ma reaction onse: ngati munasenzetsa 40 kN, maziko abweze 40 kN. Zikasiyana, pali cholakwika, ndipo chithunzi chokongolacho n'chabodza. Onaninso miyeso. Mukagwiritsa ntchito N ndi mm, stress imatuluka mu MPa, koma kusakaniza mita ndi mamilimita kumasokoneza yankho lonse. Mlatho ukaoneka wopindika ngati wathyoka musadzidzimuke, pulogalamu imakokomeza dala kuti muone mbali yomwe ukupindikira. Werengani nambala yake.

Za kufiira tsono. Pulogalamu imapaka chofiira pomwe pali nambala yaikulu kuposa ena onse, kaya ndi 30 MPa kaya 900. Kufiira pakokha sikunena kuti chitsulo chagonja. Ikani nokha malire a legend, mndandanda wonena nambala ya mtundu uliwonse. Ngati chitsulo ndi S275, chomwe chimayamba kupindikiratu pa 275 MPa chikakhala chosapitirira 16 mm kuchindikala, malire a pamwamba akhale pamenepo kapena pa mlingo womwe code yanu, malamulo a zomangamanga omwe mukutsata, ikulola. Zithunzi zonse zikhale ndi malire amodzimodzi, apo ayi simungaziyerekeze. Pa ParaView, pulogalamu yoonera zotsatira, Threshold imasiya ma element okhawo opitirira nambala yomwe mwasankha, ndipo Clip imadula chiwalo kuti muone m'kati.

Otsalawo ndiwo ofunika kuwakhalira pansi. Kawirikawiri mupeza kadontho pa ngodya yakuthwa ya m'kati, pomwe mwaika katundu pa node imodzi (mfundo yomwe ma element amakumanirana), kapena pomwe mwamangirira model kuti isasunthe. Chepetsani kukula kwa ma element pamalopo, muwerengetsenso kangapo. Nambala ikamangokwera osakhazikika, imeneyo ndi singularity, yobadwa ndi masamu, ndipo muwerenge stress chapatali pang'ono, mtunda wonga kuya kwa chiwalocho. Ikakhazikika, ndi yeniyeni, musaibise. Apa m'pomwe ambiri amachimwa. Amachotsa kadontho kalikonse kowasowetsa mtendere, chonsecho kena kali pa weld, pomwe ming'alu imakonda kuyambira. Yang'ananinso chithunzi cha averaged (chosakaniza manambala a ma element oyandikana) pambali pa cha unaveraged (chosasakaniza). Mitundu ikamadumpha kwambiri pakati pa ma element oyandikana, mesh, ukonde wa ma elementwo, ikadali yokhakhala. Ndipo musalole pulogalamu isakanize manambala a chitsulo ndi a konkire, kapena a mbale zosiyana kuchindikala.

Von Mises, muyeso wophatikiza stress za mbali zonse kukhala nambala imodzi, ndi wa chitsulo. Pa kalavati kapena silabu ya konkire sefani moment (mphamvu yopinda) ndi shear (mphamvu yodula), chifukwa ndi zimene zimakuuzani kuchuluka kwa zitsulo za m'kati. Load combination, njira zophatikizira katundu wosiyanasiyana, zikachuluka gwiritsani ntchito envelope, yomwe imaonetsa nambala yaikulu pa zonsezo, koma funsani kuti nambala yaikuluyo yachokera ku iti. Eurocode, code ya ku Ulaya, imachulukitsa katundu wokhazikika ndi 1.35, woyenda ndi 1.5, komabe denga lopepuka limazulidwa ndi mphepo pa combination ina, ndipo mlatho wa kuno umakankhidwa cham'mbali ndi madzi odzaza miyala ndi zipika kuchokera m'phiri. Mzati wautali wowonda umathanso kugwada stress idakali yaing'ono. Chithunzi cha stress sichionetsa zimenezo, buckling iwerengedwe payokha.

Mu lipoti, pansi pa chithunzi chilichonse lembani gulu lomwe likuoneka, combination yake, malire a legend ndi zomwe mwabisa, pamodzi ndi chifukwa chake. Fayilo yosasefa isungeni, injiniya wamkulu wodzasaina mapulaniwo adzaifuna.