Mmene mungafufuzire moyo wa anthu a ku Maravi muli mu Blantyre muno

Kusukulu tinaloweza mayina a Kalonga, Undi ndi Lundu, koma ine chimene chimandikoka mtima ndi anthu wamba a m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600: ankadya chiyani, ankavala chiyani, ankagula chiyani. Zimenezi mungazifufuze nokha, ndipo sizifuna ndalama zambiri.

Yambirani pakhomo. Pitani kwa agogo kapena amalume, muwafunse mfunda wanu ndi kumene mbumba yanu inachokera. Ngati ndinu Achewa kapena Amang'anja, tsatirani mzere wa kwa amayi, chifukwa ufumu ndi malo zimadutsira kumeneko. Mwambo umati Aphiri ndiwo ankalowa ufumu wa Kalonga, pamene Abanda ankagwira za mvula ndi nsembe. Musawadule mawu akulu akamalankhula, ngakhale nkhani ikhotere kwina. Lembani mayina onse a midzi, mitsinje ndi mapiri amene atchule, ndipo mukajambula mawu pafoni, pemphani kaye.

Mukatero kwerani minibasi yopita ku Chichiri, mukalowe mu Museum of Malawi. Musathamangire zimakina zili panja zija. Imani pa mbiya, mikanda ndi zida zachitsulo, muziyang'ane modekha. Khasu lililonse lakale linadutsa m'ng'anjo, mmene ankatenthetsa mwala mpaka utatulutsa chitsulo, ndipo makasuwo ankagulitsidwa kutali pamodzi ndi mchere ndi nsalu za thonje zotchedwa machila, zimene Amang'anja a kuchigwa cha Shire ankaluka. Kumbukiraninso kuti chimanga chinachokera ku America. Nsima ya makolo akale inali ya mapira ndi mawere.

Zolembedwa mukazipeza ku laibulale ya Society of Malawi, ku Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882. Funsani za Gaspar Bocarro, Mpwitikizi amene mu 1616 anachoka ku Tete kupita ku Kilwa, kugombe la Tanzania wa lero, ndipo anacherezedwa ndi mfumu Muzura. Funsaninso za ntchito ya Yusuf Juwayeyi, amene anakumba ku Mankhamba, likulu la Kalonga pafupi ndi Mtakataka, n'kupeza mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ndi mapale a mbale zochokera ku China. Ichi chimandikhudza kwambiri, chifukwa chikusonyeza kuti anthu athu ankachita malonda ofika kunyanja ya Indian kalekale David Livingstone asanafike mu 1859. Powerenga za Apwitikizi muzikumbukira kuti iwo ankalemba monga alendo ofuna malonda, choncho yerekezani ndi zimene agogo anakuuzani.

Mukapeza mpata, tsikani ku Nsanje mukaone Khulubvi, kachisi wa Mbona. Kumeneko si kongolowa. Yambani mwaonana ndi mafumu ndi osunga malowo, ndipo malamulo amene akakuuzeni a zovala, nsapato ndi kujambula mukawatsate onse.