Mmene timawerengera mabuku a zachilengedwe pamodzi ndi akuluakulu a m'mudzi

Mu February 2024 chimanga cha m'munda mwanga, cha ku msewu wa ku Chadiza, chinafota chitangoyamba kumasula. Kumwamba kunali mbee kwa masabata angapo, masamba n'kupindika ngati a anyezi. Pa 29 mwezi womwewo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Ine ndimaphunzitsa jogalafe ku sekondale, ndipo sabata yotsatira mtsikana wina wa Giredi 11 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi zoterezi zinkachitikanso kale, kapena zayambira pa ife?" Yankho la m'silabasi ndinali nalo, la mpweya woipa ndi kutentha kwa dziko lonse. La mudzi wa kwawo ndinalibe.

Kuchokera pamenepo timakumana kawiri pamwezi, Loweruka masana, pansi pa mango pakhomo panga: ana asukulu, alimi anzanga ndi akuluakulu angapo. Timawerenga mabuku onena za anthu ndi nthaka, mitengo, nyama ndi mvula. Amene mukufuna kuyambitsa zotere kwanu, nazi zimene ine ndaona kuti zimathandiza.

Yambani ndi zolembedwa za pafupi. Nkhani ya madzi oundana akusungunuka kumpoto kwa dziko ndi yoona, koma munthu amene ng'ombe zake zikusowa pomwera saigwira msanga. Ife tinayamba ndi nkhani yaitali imene Leroy Vail analemba mu 1977, yotchedwa Ecology and History: The Example of Eastern Zambia. Si buku lathunthu, ndipo masamba ake mukhoza kuwajambulitsa pa fotokope ndi ndalama yochepa. Vail akufotokoza kuti Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, ng'ombe zawo zambiri zinalandidwa, kampani ya North Charterland inatenga malo aakulu, ndipo pambuyo pake anthu anapanikizidwa m'malo ochepa amene boma la atsamunda linawapatulira. Kumene anthu anadzazana nthaka inaguga ndi kukokoloka. Kumene anachotsedwa tchire linabwerera, nyama zinachuluka chifukwa kusaka kunaletsedwa, ndipo kashembe anafalikira limodzi ndi nyamazo. Titafotokoza zimenezi, mkulu wina amene sanalankhulepo chiyambire anayamba kutchula mabwinja a makolo ake, mmodzimmodzi, ndi mitsinje imene ankamwa. Tsiku limenelo ana anamva kuti kuguga kwa nthaka ya kuno kuli ndi mbiri, sikunangobwera chifukwa cha ulesi wa alimi monga ena amanenera.

Ngati muli cha ku Mambwe kapena kufupi ndi chigwa cha Luangwa, funani buku la Stuart Marks la mu 1976, Large Mammals and a Brave People, lonena za alenje a Chibisa ndi mmene ankakhalira ndi njovu ndi njati. Kwa achinyamata, buku la William Kamkwamba limene linatuluka mu 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, ndi losavuta. Njala ya 2001 ndi 2002 imene akusimba inachitikira ku Kasungu, kungodumpha malire, ndipo gaga ndi nsima ya kamodzi patsiku zimene zili m'menemo makolo athu akuzidziwa. Mabukuwa sapezeka m'mashopu a m'tauni mwathu. Funsani aphunzitsi a m'makoleji, abale amene ali ku yunivesite ku Lusaka, kapena ansembe ndi abusa amene ali ndi mashelefu akale. Buku limodzi likwanira gulu lonse.

Musawerenge mokweza m'Chingerezi. Ine ndinayesa tsiku loyamba, ndime ndi ndime ndikumasulira, ndipo pofika tsamba lachitatu amayi awiri anali atatsazika kuti akukaona mbuzi. Zinandiwawa, chifukwa iwowo ndi amene ndinkawafuna kwambiri. Tsopano munthu mmodzi amatenga bukulo kunyumba, n'kuwerenga mutu umodzi wokha, ndipo akabwera amausimba m'Chichewa ngati nkhani ya kumene anapita, kwa mphindi zosapitirira 15. Amasankhamo mfundo ziwiri kapena zitatu zimene munthu angathe kuvomereza kapena kutsutsa ndi maso ake. Zotsala amazisiya.

Posimbapo samalani ndi mawu. "Kusintha kwa nyengo" ndi mawu a pawailesi ndi a m'misonkhano ya mabungwe, ndipo mukangowatchula anthu amakubwezerani zimene anamva ku msonkhano, poganiza kuti mwina pali feteleza kumapeto kwake. Gwiritsani ntchito mawu amene ali kale m'kamwa mwa anthu: chizimalupsa, mvumbi, ng'amba, dambo, tsala, mphanje, lupsa. Mukafunsa kuti chizimalupsa chinkagwa liti, yankho limakhala la munthuyo.

Akuluakulu aitaneni mwaulemu wake. Pitani kaye kwa anyakwawa mukafotokoze, ndipo nenani poyera kuti palibe ndalama kapena katundu amene adzagawidwe. Kwa agogo musatume mwana, pitani nokha. Ndipo kumbukirani kuti amayi ndi abambo sadziwa zinthu zofanana. Abambo amakumbukira za ng'ombe, uzimba ndi malire a minda. Koma za mtunda wa kokatola nkhuni, chitsime chimene chinayamba kuphwa, kumene kunkamera bowa ndi mitengo imene inkagwa matondo, funsani amayi. Pagulu la amuna amayi ambiri achikulire amangoti "ndi momwemo", choncho ife nthawi zina timagawana: atsikana amakhala ndi agogo aakazi kuseri kwa nyumba akutongola chimanga kapena kusenda mtedza, ndipo kumeneko ndi kumene kumachokera zambiri.

Kafunsidwe ndiye pagona nkhani. Mukafunsa kuti, "Agogo, kodi kale mitengo inali yambiri?" adzati inde, ndipo mwathera pomwepo. Aliyense amati kale kunali bwino. Funsani chinthu chimodzi, pamalo amodzi, pa nthawi imodzi. Mtsikana uja anafunsa agogo ake kuti, "Agogo, pamene munali ndi pakati pa amalume aakulu, madzi munkatunga kuti mu October?" Agogowo analoza ndi ndodo kumunsi kwa dimba la tomato, n'kunena kuti pamenepo panali dziwe losaphwa, lofika m'chiuno, ndipo ankachapa ataima pamwala wafulati. Mwalawo ulipo mpaka lero, koma uli pakati pa mchenga. Amalumewo anabadwa mu 1971, ndiye tinadziwa chaka popanda kuwavutitsa agogo ndi manambala.

Zaka zipezeni motero, pozimangirira ku zinthu zimene aliyense akukumbukira. Ufulu ndi 1964. Chimanga chachikasu chimene anthu analandira pa chilala ndi 1992. Kadamsana amene anadetsa dzuwa masana ndi June 2001. Ndalama zatsopano zochotsedwa maziro ndi 2013. Mbozi zija zolowa m'mtima mwa chimanga zinafika kumapeto kwa 2016. Mukafunsa kuti, "Chitsimechi chinaphwa chimanga chachikasu chisanabwere kapena chitabwera?" mkulu sasowa yankho. Ndipo akuluakulu awiri akasiyana, lembani zonse ziwiri ndi kumene aliyense ankakhala. Nthawi zambiri onse amakhala akunena zoona, wina za kumtunda wina za kudambo.

Mukawerenga kawiri, kachitatu muyende. Pali malo amodzi amene ine ndimawaona ngati buku lalikulu kuposa onse m'midzi ya Achewa: manda. Kumanda sadulako mitengo mwachisawawa, ndiye nkhalango imene yatsala kumeneko ikuonetsa mmene dera lonse linkaonekera. Sitilowamo ayi. Ndi malo a mwambo, ndipo kwina ndi kufupi ndi dambwe, choncho timapempha kwa anyakwawa kuti tiime m'mphepete, ndi mkulu amene iwo atipatsa. Tikaima pamenepo ana amatchula mitengo imene akuiona, mkuluyo n'kumawakonza: uwu ndi muwanga, uwo mlombwa, uwo mtondo, uko msuku. Kenako timatembenuka n'kuyenda mapazi 200 kulowa m'minda, tikuwerenga mitengo imene thunthu lake mwana sangalikumbatire. Tsiku limene tinachita zimenezi tinapeza iwiri yokha, mango ndi mkuyu. Mnyamata wina amene amavuta m'kalasi anakhala chete njira yonse yobwerera, ndipo sabata yotsatira anabwera ndi mayina 23 a mitengo amene anawalemba kuchokera kwa ambuye ake, pamodzi ndi ntchito yake: wa mipini, wa mitondo yosinjira, wa luzi, wa mankhwala a m'mimba.

Bukulo muzilitsutsanso. Ambiri mwa mabukuwa analembedwa ndi alendo, ena ozama ndithu, koma sanagonepo ndi njala m'mwezi wa February. M'gulu mwathu muli bambo wina wootcha makala, malasha monga timanenera kuno, amene amatsika nawo panjinga m'bandakucha kupita ku msika wa Kapata ku Chipata. Ena ankafuna kuti tisamuitane. Ine ndinakana, ndipo sindinong'oneza bondo. Titakambirana za Wangari Maathai wa ku Kenya, amene anayambitsa gulu lodzala mitengo la Green Belt Movement mu 1977 ndi kulandira mphoto ya Nobel mu 2004, bamboyu anafunsa kuti, "Nanga amene amagula malasha angawa ndani? Si inu a m'tauni magetsi akazima?" Mu 2024 magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse chifukwa madzi anachepa ku damu la Kariba. Funso lakelo linatipititsa ku buku la Elizabeth Colson la mu 1971, The Social Consequences of Resettlement, lonena za Atonga a ku Gwembe. Anthu pafupifupi 57,000, mbali zonse ziwiri za Zambezi, anasamutsidwa kuti damulo limangidwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kusiya minda ya m'mbali mwa mtsinje ndi manda a makolo awo. Ana ambiri sankadziwa kuti magetsi amene timadandaula akazima anagulidwa ndi misozi ya anthu ena. Kukambirana kwa tsiku limenelo kunatha dzuwa litalowa, ndipo palibe amene anatuluka ali woyera.

N'chimodzimodzi ndi buku lotchuka la Rachel Carson la mu 1962, Silent Spring, lonena za mmene mankhwala ngati DDT ankaphera mbalame ndi nsomba ku America. Alimi a thonje analimva msanga, poti amadziwa mmene njuchi zimasowera munda ukapoperedwa, ndiponso mmene mutu umawawira ukapopera wopanda chophimba kumaso. Koma mayi wina amene anataya mwana ndi malungo anati mankhwala opopera m'nyumba asawanyoze munthu amene sanaikepo mwana m'manda. Musathamangire kugamula nkhani zotere. Zilembeni momwe zanenedwera.

Kulembako kukhale m'kope limodzi lachikuto cholimba, m'Chichewa, ndi bolopeni. Tsamba lililonse likhale ndi tsiku, malo, amene wanena ngati walola kuti dzina lake lilembedwe, ndi mawu ake enieni osawakongoletsa. Kumanzere timalemba zimene buku lanena, kumanja zimene mudzi wanena. Za mwambo zimene mkulu wati zisalembedwe, zisalembedwe. Kumapeto kwa kope tasiyako masamba a mvula. Pezani chitini chowongoka m'mbali, chosapindika pansi, muchikhomere pamtengo wofika m'chiuno pabwalo, kutali ndi denga ndi nthambi. M'mawa uliwonse nthawi yofanana muviike rula, mulembe mamilimita, n'kutaya madziwo. Tsiku lopanda mvula lembani 0, chifukwa masiku a ng'amba ndi amene amapha chimanga, ndipo ndi amene anthu amaiwala msanga. Sichingafanane ndi chipangizo cha a zanyengo, koma pakatha zaka zisanu mudzakhala ndi chinthu chimene mudzi wanu sunakhalepo nacho.

Anthu akawerenga kwa miyezi ingapo amayamba okha kufunsa chochita. Ife sitinapite kutali. Ku Msekera, pafupi ndi Chipata pompano, akatswiri akhala akuyesa kwa zaka zambiri mitengo yobwezera chonde m'nthaka monga gliricidia ndi jerejere, ndipo alangizi a zaulimi amaidziwa. Koma akuluakulu anasankha msangu, chifukwa ankaudziwa kale: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndiye suphimba chimanga, ndipo nyemba zake mbuzi ndi ng'ombe zimadya m'chilimwe. Njere zake n'zolimba khungu. Timazipala pang'ono pamwala mbali imodzi, n'kuziviika m'madzi usiku umodzi tisanafese m'machubu. Musazisunge nthawi yaitali m'machubumo, muzu wake umathamangira pansi ndipo ukapindika mtengo sukula bwino. Mwa mbande 60 zimene tinawokera mu December, zopitirira theka zinadyedwa ndi mbuzi m'mwezi wa July, pamene ziweto zimamasulidwa m'minda. Chaka chino tazitchingira ndi minga ya mthethe, ndipo aliyense ali ndi mitengo yake isanu yoti aziyang'anira.

Kope lija likadzaza, likopereni lachiwiri. Limodzi likhale kusukulu, lina kwa anyakwawa, m'chitini chotseka bwino chifukwa cha chiswe. Lathu loyamba analikopera ndi mtsikana uja pa tchuthi cha August, ndipo patsamba la dziwe anajambulapo mwala wafulati ndi muvi wosonyeza pamene madzi ankalekezera. Agogo ake anamwalira m'mwezi wa May chaka chathachi. Loweruka likubwerali tikupita ndi makasu kukakumba pambali pa mwalawo, tione kuti madzi tiwapeza pa msinkhu wanji.