Mankhwala otsukira mfuti: osakaniza wekha kapena ogula m'shopu?

Mvula ikangoyamba mu Novembala, mfuti yongogona mu sefa, bokosi lachitsulo lokhoma lija, imayamba dzimbiri osadziwa iwe mwini. Amalume anga ali ndi kafamu ku Chongwe ndi shotigani ya laisensi, iwo botolo la m'shopu sagula ayi, akuti ndalama zake bola kugula feteleza. Ine ndayesa zonse ziwiri, manje ndikuuzeni.

Musanagwire chilichonse chotsani zipolopolo, suzumirani mkati kawiri, zipolopolozo mukazisiye m'chipinda china. Ntchitoyi chitirani panja, kutali ndi mbaula, ndipo magetsi akapita osayatsa kandulo pafupi chonde, zinthu izi zimayaka ngati petulo.

Osakaniza wekha otchuka ndi Ed's Red, anawafalitsa C.E. Harris wa ku America. Zinthu 4 muyezo wofanana: mafuta ofiira a giyabokosi ya otomatiki aja a ATF, palafini, mineral turpentine wa ku hadiweya ndi acetone. Thirani m'chitini chachitsulo chotseka bwino, osati botolo la madzi akumwa chifukwa acetone amadya mapulasitiki ena, komanso mwana atha kumwa. Lembanipo dzina.

Nyowetsani kansanza kakang'ono, kakankheni ndi ndodo yotsukira kuchokera kolowera chipolopolo mpaka kukamwa, kenako burashi yonyowa mupite nayo uku ndi uku kangapo, musiye mphindi zochepa mankhwala alowerere. Kansanza koyamba kamatuluka kakuda bii ngati pansi pa poto. Pitirizani ndi zouma mpaka zituluke zoyera. Pa mwaye wa onga, komanso pulasitiki yomwe makatiriji a shotigani amasiya m'paipi ya mfuti, apa amalume sanama, amagwira ntchito zoona. Koma dontho likagwera pa thabwa la mfuti pukutani msanga, vanishi imayenda.

Vuto lili pa raifo, mfuti zokhala ndi mizere mkati mwa paipi, monga .30-06 kapena .375 za alenje opita ku Luangwa. Chipolopolo chimasiya mkuwa m'mizere ya paipi ndipo Ed's Red mkuwa sausungunula olo mutsuke tsiku lonse. Apa pafunika ogula okhala ndi amoniya ngati Sweet's 7.62, fungo lake limaboola mphuno. Gwiritsani burashi ya nayiloni, ya mkuwa ikunamizani chifukwa nayo imasungunuka ndi mankhwalawa. Kansanza kakatuluka kabuluu ndiye kuti mkuwa ukadalimo, bwerezani, koma osawasiya mkati kupitirira mphindi 15.

Pa ogula ena, Hoppe's No. 9, amene alipo kuyambira 1903, ali pakatikati, mwaye amachotsa bwino koma mkuwa pang'onopang'ono. Ballistol wa ku Germany ndimamukonda chifukwa sawononga thabwa kapena chikopa cha lamba.

Pomaliza pakani mafuta a mfuti pang'ono chabe, osati kuchita kudontha. Tsiku lokasaka pititsanimo kansanza kouma musanaikemo chipolopolo.