Mkwiyo wa masana umayambira pabedi

Mukaona kuti masiku ano mukungokangana ndi anthu pa tinthu tating'onoting'ono, musathamangire kunena kuti muli ndi mtima wapachala. Bwererani m'mbuyo pang'ono, mufufuze pamene zinayambira.

Nthawi zambiri zimayambira pabedi. Mwafunda kale, koma foni ili m'manja, chala chikungokankha, uthenga uwu, kavidiyo ako, mpaka 12 koloko yakwana osadziwa. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, ndiye mukadzuka 5 koloko mwagona maola 5 okha. Mumadzuka mutu uli wolemera, mumachedwa, mumatuluka mothamanga n'kuiwala makiyi patebulo. Kuntchito mnzanu akakufunsani kafunso kabwinobwino, mumamuyankha mokalipa. Madzulo mumabwerera mutakhumudwa, ndipo chokutonthozani chimakhala foni yomwe ija. Mawa lake n'chimodzimodzi.

Kuugwira mtima masana, thupi litatopa kale, n'kovuta kwambiri, ndipo ambiri akalephera amayamba kudziimba mlandu. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa pokonzera pake mposavuta. Muzitchaja foni kutali ndi bedi, poti kuitenga mpaka mudzuke. Ngati ndiyo alamu yanu, ndiye bwinonso, chifukwa ikalira mudzadzukadi kukaizimitsa. Makiyi, zovala ndi chikwama muziikiretu pamodzi musanagone, kuti m'mawa musamapindule nyumba yonse.

Yesani zimenezi kwa sabata imodzi osasintha china chilichonse, kenako muone mmene mukuyankhulira ndi anthu masana.